Nkhuku Imene Inandidikira M'sitima

Tadala, tsitsa foniyo. Yamikani, chotsa timawaya tam'makututo, makutu akowo ndikuwafuna. Ndamva amayi anu ndi atate anu akukangana kukhitchini za ulendo wa sitima yapamadzi umene mukufuna kupita patchuthi: ati musankhe tebulo lokhazikika, kapena muzikadya nthawi imene mimba yalamula. Afunsa anzawo a kutchalitchi, afunsa intaneti, koma ine amene ndinakwerapo sitimayo nditavala suti sanandifunse. Palibe kanthu. Ndikuuzani inuyo, mukawatulire nokha.

Poti simudziwa, m'masitima akuluakulu aja kadyedwe ka madzulo kali pawiri. Kachikale n'koti amakupatsa tebulo limodzi, ola limodzi, anthu omwewo ndi woperekera zakudya yemweyo, kuyambira tsiku lokwera mpaka tsiku lotsika. Ukachedwa, anzako amakudikira atapinda manja. Kamakono n'koti umapita pamene wafunira, n'kukhala pamene papezeka malo, ndi aliyense amene wapezekapo, kapena wekha. Kamakonoka simufunika kukwera sitima kuti mukaone, chifukwa ndi mmene mumadyera m'nyumba muno. Wina pasofa, wina pamasitepe, atate anu ataima pakhomo la firiji ngati akulankhula ndi mnansi. Tebulo lija amayi anu anagula lokwera mtengo, ntchito yake ndi kusunga makiyi ndi makalata.

Ife tinakula ndi ola limodzi, ndipo wotchi yake inali dzuwa. Likapendeka, anyamata tonse tinkakhala pansi kuzungulira mbale imodzi, ndipo wochedwa ankapeza mbale ikuwala ngati yatsukidwa. Panalibe zoti ndisungireni. Nditapita kusukulu yogonera, belu lake linali chitsulo cha tayala la lole chopachikidwa pamtengo wa mango. Chikalira tinkathamanga ndi mbale zathu zamalata kukalandira mgaiwa ndi nyemba zimene anankafumbwe anali atayamba kale kudya ife tisanapemphere. Choncho munthu asakunamizeni kuti tebulo lokhazikika anayambitsa ndi azungu. Iwo anangowonjezerapo nsalu yoyera ndi mafoloko ochuluka.

Koma panali munthu mmodzi amene mwamuna wa kwathu sankadya naye, ngakhale njala itavuta bwanji: apongozi ake aakazi. Inu mukuseka chifukwa mumaona atate anu akutola tchipisi m'mbale ya agogo anu aakazi, amene ndi apongozi awo, osapempha n'komwe. Ine nthawi yoyamba kuona zimenezo ndinatsala pang'ono kutsamwa. Kwathu ku Dedza mkamwini sankayang'ana apongozi ake m'maso, sankawapatsa moni wa padzanja, ndipo kutafuna pamaso pawo kunali ngati kuvula. Mukakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Si chidani ayi, ndi ulemu. Ndipo ine pa ulemu umenewu ndinali katswiri. Chaka chimene ndinakwatira agogo anu a Esinati, ndinaona amayi awo, a Nankhoma, akubwera ndi mtolo wa nkhuni, ndipo ndinadumphira m'thengo mosayang'ana. Linali la chitedze. Ndinadzikanda mpaka madzulo, koma mudzi wonse unavomereza kuti mwana wa eni ameneyu analeredwa bwino.

Kuopanaku sikunali kwa muyaya. Mpongozi akaona kuti mkamwini wake ndi munthu, wasunga mwana wake bwino, wabereketsa zidzukulu, ankamuphera nkhuku, n'kumuitana kuti adyere pamodzi. Nthutumba, imene kwathu imapita kwa mlendo wolemekezeka, ankamuikira iyeyo. Kuyambira tsiku limenelo ankati alowana: atha kucheza, kuseka, kudya mbale imodzi. Anzanga amene tinakwatira nyengo imodzi anadya nkhuku zawo ana awo asanayambe sukulu. Ine zaka zinapitirira makumi atatu, nkhuku yanga osaoneka.

Ndinkadziuza kuti chifukwa chake ndikuchidziwa. Mkamwini weniweni ankamanga nyumba kwawo kwa mkazi, n'kumalima munda wa apongozi. Ine ndinali mphunzitsi, ndinatenga mwana wawo kupita naye kutauni, ndipo khasu lawo sindinaligwirepo. Tikapita kumudzi pa Khirisimasi, basi inkatisiya pamsewu waukulu, katundu n'kumukweza panjinga yobwereka. Ndikafika ndinkanjuta patali, kumbali kwa nkhokwe, n'kupereka moni kudzera mwa agogo anu. Ndikatula shuga ndi sopo, ndinkatsanzika msanga kuti ndikagone kwa mnzanga wina mphunzitsi, kuti apongozi amasuke pakhomo pawo. Ndinkabwerera ndikudzitamandira mumtima chifukwa cha khalidwe langa. Koma ndikuuzeni zoona, ana inu, nkhani ya nkhukuyi inkandiwawa. Munthu ukhoza kukhala ndi imvi, anthu n'kumakutcha aphunzitsi, koma pamtima pali kamwana kamene kakudikira kuuzidwa kuti wachita bwino.

Kenaka agogo anu anapeza ntchito ya unamwino kuno, ndipo ine ndinawatsatira ku Wakefield ndi amayi anu a Thoko. Apa ndiye ndinati basi, nkhuku ija yafera m'mazira. Poyamba ndinatenga mwana wa eni kupita naye kutauni, tsopano ndalola kuti awoloke nyanja. Uphunzitsi wanga unathera pabwalo la ndege. Ndinalowa ntchito m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu, kunyamula makatoni a zinthu zimene anthu agula atagona pabedi. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kudya kwamakono: wina aliyense ndi kabokosi kake, nthawi yake, maso pakhoma. Kunyumba agogo anu akamalowa ine ndikutuluka. Tinkalankhulana kudzera m'mapoto: ndikapeza ndiwo zachepa, ndinkadziwa kuti mkazi wanga ali moyo ndipo ali bwino.

Iwe Tadala utabadwa, a Nankhoma analoledwa kubwera kudzaona chidzukulutudzi chawo kwa miyezi yochepa. Anali atakalamba, akudwala shuga, akuyenda ndi ndodo, ndipo tonse tinkadziwa mosanena kuti ulendo wachiwiri sudzakhalako. Paja mlendo ndi mame. Vuto linali nyumba. Inu simuikumbukira nyumba ya ku Wakefield ija, yopanikizika pakati pa zinzake, masitepe ake okwana munthu mmodzi. Amene anaimanga sankadziwa kuti padziko pali apongozi. Panalibe nkhokwe yobisalako, panalibe tchire lopatukira. Ndikamva ndodo ikugogoda pamwamba pa masitepe, ndinkalowa m'kachipinda kosungiramo makina opsontha fumbi, n'kudikira mumdima ndi maambulera mpaka adutse. Chakudya ndinkadyera m'galimoto, mvula ikuwomba pagalasi. Mzungu woyandikana nafe anafika pofunsa agogo anu ngati banja lathu lili bwino.

Ndinapempha mashifiti owonjezera kuntchito, ndipo bwana wanga anandiyamikira kuti ndine wolimbikira. Agogo anu ankandiuza kuti ndizipezekako panyumba Lamlungu masana, amayi akufuna kuphika. Ine ndinkati aphike momasuka, ndikhala nditachoka kuti ndisawapanikize. Ankandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukusa mutu, ine n'kumaganiza kuti akusirira ulemu wanga.

Miyezi ya apongozi itatsala pang'ono kutha, amayi anu ndi atate anu anatipatsa mphatso: ulendo wa pasitima wopita kumapiri a ku Norway, ife atatu, kuti gogo akaone madzi aakulu asanabwerere. Zolembetsa zonse anachita ndi agogo anu pakompyuta, atakhala ndi amayi awo pabalaza, ine ndili kuntchito monga mwa nthawi zonse. Sindinafunse kanthu. Tinakwera basi ku Leeds m'mamawa, ine mpando wakumbuyo kwenikweni pafupi ndi chimbudzi, iwo kutsogolo. Ndinakumbuka maulendo akale, pamene basi inkatitimira m'matope nyengo ya dzinja, amuna tonse n'kutsika kukakankha, kamba wathu ali chinangwa chophika m'kansalu. Basi iyi inali ndi mpweya wofunda ndi wailesi, koma palibe amene anagawira mnzake ngakhale nthochi.

Sitimayo, ana inu, si sitima. Ndi tauni imene yalakwitsa njira n'kulowa m'madzi. Ine chombo chimene ndinkachidziwa chinali bwato lowolokera mtsinje, limene mwini wake ankakupatsa chikho kuti uzikapa madzi. Umu munali zikepe, masitolo, ngakhale dziwe losambira, ngati madzi akusowa kunja. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati m'chinthu chachikulu chonchi munthu atha kukhala mwezi osakumana ndi apongozi ake.

Madzulo oyamba agogo anu anati tivale, tikupita kukadya. Tinalowa m'chipinda chodyera chachikulu ngati tchalitchi, ndipo bambo wina wa jekete lakuda anatitsogolera pakati pa matebulo mpaka pa lina lozungulira. Anakoka mpando, n'kukhazika a Nankhoma. Anakoka wina, n'kuloza ine. Mpando wangawo unali moyang'anizana nawo ndendende. Tebulo lozungulira lilibe kumbali, lilibe kumbuyo. Ndinanong'oneza agogo anu kuti pachitika cholakwika, iwo n'kundiyankha kuti palibe cholakwika, limeneli ndi tebulo lathu madzulo aliwonse mpaka titsike.

Taonani zimene dziko limachita. Mwambo wakale wa azungu unali kundikakamiza kuphwanya mwambo wakale wa kwathu, pamene kadyedwe kawo kamakono, kamene ndinkakanyoza, ndi kamene kakanandisungira ulemu.

Patebulopo panalinso banja lina la ku Sheffield, a Denisi amene anapuma pantchito yoyendetsa basi, ndi akazi awo a Morini. Anali atakwera masitima ambiri, ndipo a Denisi anayamba pomwepo kutiphunzitsa. Ati tachita bwino kusankha tebulo lokhazikika, chifukwa kwinako umapatsidwa kachida konjenjemera m'thumba malo akapezeka, n'kumadikira ngati uli kuchipatala, ndipo madzulo aliwonse umafotokozera anthu atsopano dzina lako, kwanu ndi matenda ako. Kuno woperekera zakudya amakudziwa, tsiku lachiwiri amakubweretsera chimene umakonda usanatsegule pakamwa. Ine ndinkangogwedeza mutu, maso ali pa mafoloko. Apongozi maso ali pansalu. Woperekera zakudya, bambo wachikulire wa ku Philippines, anafunsa chimene aliyense akufuna. Ndinamva a Nankhoma akunong'oneza mwana wawo kuti nkhuku. Buledi atafika ndinadziwa kuti nthawi yakwana. Ndinagwira pamimba, n'kupepesa kuti madzi akundizunguza mutu, n'kutuluka. Sitimayo inali isanachoke n'komwe padoko bwinobwino.

Ndinakwera pamwamba, kumene kuli chakudya chodzitengera wekha. Kumeneko ndi kumene ndinaona ufulu wa kadyedwe uli pachimake. Anthu akuzungulira ndi mbale ngati nkhuku pachigayo, wina wasanjikiza nsomba, keke ndi mpunga m'mbale imodzi, wina akutafuna akuyenda. Ndinadzaza mbale yanga, munthu wodwala m'mimba, n'kukhala pawindo ndekha. Ndinadya bwino, ndisaname. Ndinkaganiza za apongozi anga pansipo akudya nkhuku yawo momasuka chifukwa cha nzeru zanga, ndipo ndinawonjezera nyama.

Zinayenda choncho madzulo otsatira. Ndinkafika, kukhala pansi, kupereka moni kudzera mwa agogo anu, buledi akafika mimba n'kuyamba. Woperekera zakudya anayamba kundibweretsera tiyi wa jinja ndisanapemphe, monga a Denisi analonjezera. A Morini anandipatsa timikanda tovala padzanja toletsa chizungulire. Masana tinkaona mapiri otsetsereka mpaka m'madzi, mathithi akugwa kuchokera kumwamba, ndipo a Nankhoma, atafunda bulangete, anafunsa mwana wawo kuti anthu a kuno amalima pati.

Koma agogo anu nkhope inayamba kuda. Anandiuza kuti amayi sakudya madzulo. Amaitanitsa nkhuku, nkhuku ikafika amaiyang'ana, n'kuibweza osaikhudza. Kuchipinda amangolola kabuledi ndi tiyi, ndipo kwa munthu wa shuga amene akumwa mankhwala, kumeneko ndi kusewera ndi moto. M'mawa wina a Nankhoma anachita chizungulire potuluka m'bafa, mpaka agogo anu anawamwetsa madzi a shuga ali pansi. Anandiyang'ana ndi maso aja amene amaopsezera odwala osamva, n'kunena kuti, "Bambo a Thoko, madzulo ano mukhale pansi mpaka chakudya chithe. Ndakupemphani."

Ine ndinaona kuti mkazi wanga wakhalitsa kunja, wayiwala za kwawo. Nkhaniyo kwa ine inali yoonekeratu: gogo akulephera kudya chifukwa mpando wanga, ngakhale wopanda munthu, ukuwayang'ana, ndipo akuopa kuti ndibwerera ali pakati potafuna. Mantha anandigwira, chifukwa ndinaona kuti tikhoza kutsika m'sitima ndi maliro, ndipo anthu kumudzi adzati mkamwini uja anatenga mwana, tsopano wamaliza ndi mayi. Paja amati safunsa anadya phula, koma ine ndinalibe nthawi yofunsa. Ndinali ndi nzeru kale.

Ndinapita kwa mkulu wa chipinda chodyera, bambo wa jekete lakuda uja, n'kumupempha kuti atichotse pa tebulo lokhazikika, atiike ku kadyedwe kamakono, kuti amayi awiriwo azidya nthawi yawo, ine nthawi yanga. Anati n'zovuta ulendo uli pakati, ndipo anafunsa chifukwa. Ndinamuuza m'Chingerezi changa chauphunzitsi kuti sindingathe kudya pamodzi ndi apongozi anga. Sanafunsenso china. Anandigwira paphewa ndi chisoni chachikulu, n'kunena kuti akumvetsa, sindine woyamba, ndipo kuyambira mawa lake zikhala momwe ndafunira. A Denisi, amene anandipeza pomwepo, ananditsinzinira diso n'kundiuza kuti iwonso apongozi awo anawapirira zaka zambiri, ndipo anandigulira chakumwa. Ndinayesa kufotokoza kuti ine apongozi anga ndimawalemekeza kwambiri. Anaseka mpaka misozi, ati Amalawi tili ndi nthabwala zouma kuposa za kwawo ku Yorkshire.

Madzulo amenewo anali a zovala zapamwamba. M'masitima muli tsiku limene amuna amavala ngati akukakwatira kachiwiri, akazi ngati akukawaletsa. Ndinavala suti yanga ya kutchalitchi. A Nankhoma anavala chilundu chawo chatsopano ndi duku lowuma ndi sitachi, ndipo anayenda pang'onopang'ono atatsamira mwana wawo, chifukwa mphamvu zinali zochepa. Titakhala pansi ndinalankhula ndi agogo anu mokweza pang'ono kuti uthenga udutse. Ndinati auze amayi kuti mavuto atha: kuyambira mawa azidya nthawi imene akufuna, pamalo pamene akufuna, ndipo ine sadzandionanso pafupi ndi mbale yawo. Ndinadikira kuyamikiridwa. Agogo anu anatseka maso ngati akupemphera. Buledi anafika, ndinagwira pamimba, n'kuyamba kudzuka.

"Bambo a Thoko, khalani pansi."

Sanali agogo anu. Mawuwo anachokera kutsidya kwa tebulo, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wanga kuti a Nankhoma alankhule ndi ine mwachindunji, popanda wodutsamo. Miyendo inamvera yokha, mutu usanaganize.

"Akuluakulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kutereleka," anatero, maso awo ali pa ine, anga ali pa mpeni wa batala. "Koma wotereleka ngati inu sindinamuone. Kumudzi ndikati ndigwire nkhuku, ana akamaithamangitsa, ndimamva kuti aphunzitsi atsanzika kale. Tambala wina anakalamba mpaka kufa yekha akukudikirani. Kunyumba kwanu kuja ndikati ndiphike Lamlungu, muli kuntchito. Mwana wangayu atandiuza kuti m'sitima muli tebulo limene munthu sasuntha, ndinati lembetsa lomwelo, pamadzi alibe kothawira. Ndiye mwapezanso kothawira pamadzi pomwe?"

Ndinayesa kunena kuti ndinkawapatsa ulemu. Anati ulemuwo aulandira, wakwana, ndiusunge wotsalawo. Pambuyo pake ndinamva kuti analetsa agogo anu kundiuza chilichonse, ati nkhuku ndi yawo ndipo anena okha. Ndiye madzulo onse aja, pamene ine ndinkadzaza mbale pamwamba ndikudziyamikira, gogo wodwala shuga ankakhala ndi njala pansi, akuyang'ana nkhuku imene sakanaidya chifukwa sinali yawo. Inali yanga.

Woperekera zakudya uja anabweretsa nkhuku monga mwa masiku onse, ndipo anabweretsanso kabeseni ndi jagi ya madzi ofunda, chifukwa anali ataphunzira kale kuti gogoyu sayandikira chakudya asanasambe m'manja. Izi n'zimene kadyedwe kamakono sikangakupatseni. A Nankhoma anauza mwana wawo kuti asinthane nane mpando. Ananyamula jagi ija, n'kundithirira madzi ine, wa suti, pakati pa azungu ovala mataye agulugufe. Kenaka anayang'ana nkhukuyo, n'kuitembenuza ndi chala. Inali chidali chokhachokha, choyera, chopanda fupa, chopanda khungu, chogonekedwa pa timasamba. Anauza agogo anu kuti afunse kumene kwapita nthutumba. Woperekera zakudya anapita mpaka kukhitchini, n'kubwera ndi chipepeso chakuti m'sitima yonse mulibe nthutumba ngakhale imodzi. Gogo anapukusa mutu, ati chombo chachikulu chonchi, chokhala ndi dziwe pamwamba, koma nkhuku zake zopanda zam'kati.

Ananyema chidali chija ndi manja, chachikulu n'kuika m'mbale mwanga, chaching'ono n'kusiya mwawo. "Idyani, mwasunga mwana wanga," anatero. "Nthutumba mudzaipeza kumudzi."

Ana inu, nkhuku imeneyo inalibe kukoma kulikonse. Inali ngati siponji yothira mchere. Koma sindinadyepo chakudya china chimene chinandivuta kumeza ngati chimenecho, misozi ikugwera pataye. Ndinatafuna pamaso pa apongozi anga, iwo akutafuna pamaso panga, ndipo denga silinagwe. A Morini anali akupukuta m'maso ngakhale sanamve liwu limodzi. A Denisi anasokonezeka kwambiri. Anandinong'oneza kuti ngati gogoyo wandiopseza, ndiphethire kawiri.

Mawa lake ndinabwerera kwa bambo wa jekete lakuda kukapempha kuti atibwezere tebulo lathu. Anandiyang'ana ngati munthu amene wabwerera kundende yekha atamasulidwa. Masiku otsalawo tinadya pamodzi madzulo aliwonse, ola lomwelo, ndipo ndinazindikira kuti apongozi anga anali munthu wanthabwala zoluma. Anandisimbira mmene anandionera ndikudumphira m'chitedze, ati anafuna kundichenjeza koma mwambo sunkawalola, ndiye anangofika kunyumba n'kuseka mpaka nkhuni kugwa. Zaka zonse zija ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe, ndinkathawa munthu amene akanakhala mnzanga. Shuga wawo anakhazikika, ndipo anayamba kubweza mbale zopanda kanthu, ngakhale sanasiye kudandaula za nkhuku.

Anabwerera kumudzi mwezi womwewo. Ndinalonjeza kuti chaka chotsatira tibwera, koma mukudziwa mmene kuno zimakhalira: tchuthi cha agogo anu chikapezeka, changa palibe, ndipo chaka chimatha ngati sabata. Tinkalankhulana pafoni, ine ndi iwo, popanda wodutsamo, ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi kundiuza kuti tambala akukula. Tinapitadi, koma tinapitira maliro awo.

Titaika, ndinakhala pansi pa mtengo ndi amuna ena, patali ndi nyumba, pamalo panga pa masiku onse. Mng'ono wawo wa malemu anatuma munthu kudzandiitana. Anandikhazika pakhonde la a Nankhoma, khonde limene ndinali ndisanakhalepo chikwatirire, n'kundithirira madzi m'manja, n'kuika patsogolo panga mbale yovundikira ndi inzake. Anati malemu anasiya mawu kuti tambala uja asaphedwere wina aliyense, ngakhale abusa, mpaka bambo a Thoko atabwera. Ndinavundukula. Pamwamba pa nyama panali nthutumba, yathunthu.

Ndinaidya ndekha, nditayang'ana chitseko chawo.

Ndiye pitani mukawauze amayi anu kuti agogo ati tebulo lokhazikika. Akafunsa chifukwa, muwauze kuti nthawi iliyonse imene munthu wafuna nthawi zambiri siifika. Ndipo iwe Yamikani, chotsa makiyi ndi makalata patebulopo, uitane atate ako achoke pafiriji. Lero tidyera pamenepo tonse, ndipo amene mimba imuvute, imuvutire pampando.